Chingwe Chofiira Chamwayi

Amayi a kwaya anali atanenetsa kuti mawu awo akamvekanso mothetheka ngati sabata yatha, asamukira ku situdiyo ina. Ndiye m'mawa mwa tsiku lojambula, mwini situdiyo, munthu wodziwa zonse chibadwire, anauza mlamu wake, namwino wopuma pa ntchito, kuti apukute mapulagi a zingwe, iye n'kutuluka kaye.

"Alamu!" anakuwa atabwerako. "Timapepala ndinamata pa zingwe tija tili kuti?"

"Mabandeji akuda aja? Ndataya," anatero namwino. "Munati ndichotse litsiro lonse."

"Panali manambala pamenepo! Ndidziwa bwanji cha maiki ndi cha gitala?"

"Manambalawo analinso ndi litsiro."

"Zikomo kwambiri, adokotala. Odwala achira, koma mayina awo aiwala."

"Musathokoze, ndi ntchito yanga."

Mwini situdiyo ananunkhiza m'mwamba. "Nanga fungoli?"

"Sipiriti. Pulagi iliyonse ndaipukuta ndi thonje, ndadikira kuti iume."

"Sipiriti! Ine zaka makumi awiri ndimangouzira fuu, n'kupukutira pa malaya. Chinavutapo n'chiyani?"

"Malaya ake omwewa?"

"Omwewa!"

"Ooh," anatero namwino, akuwayang'ana malayawo mwachisoni.

"Bwanji osangozibaya jakisoni zingwezo?"

"Simunanene. Komanso sindinatenge."

"Mayo ine! Nanga chingwe chofiira chija?"

"Munati n'chamwayi, ndisachikhudze. Sindinachikhudze."

"Ndiye chokhacho chapulumuka m'chipatala chanuchi."

Panja panaima minibasi ya kwaya. Mwini situdiyo, thukuta lili kamukamu, anayamba kuyesa zingwe chimodzichimodzi. Choyamba mawu anatuluka bwinobwino, chachiwiri chimodzimodzi, mpaka zonse, ndipo zimenezi zinamunyansa kwambiri. Kenako anatenga chofiira chija monyadira, n'kuchilumikiza ku maiki.

Sipika inalira: khrrr, thethethe!

Anauzira fuu, anapukutira pa malaya, n'kulumikizanso. Khrrr! Apa n'kuti amayi akukwera masitepe, akuyeserera kale nyimbo.

"Alamu anga," anatero chapansipansi, "thonje lija latsalako?"

"Latsala. Sipiritinso alipo."

"Ndiye tachipukutani msanga, anthu afika!"

Namwino anapinda manja. "Iyayi, alamu. Chimenecho munati ndisachikhudze."