Ndinang'amba Mabuku a Mwana Wanga Kuyambira Kumbuyo

Abale ndi alongo, moni nonse. Monire mose. Yewo.

Ndiyankhula Chichewa, pakuti pa boma pano pa Mzimba alendo mwachuluka. Chitumbuka chikalowerera, musaseke. Lilime lakalamba. Mundilole ndikhale pampando, miyendo yatopa.

Ine ndine Shaba, wa ku Champhira. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndinagwirapo ntchito kumigodi ya ku Joni. Ndalima fodya. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri. Sindinabepo nkhuku ya munthu. Sindinaledzerepo. Koma sindinabwerere zimenezo. Ndabwera ndi nkhani ya mabuku.

Ndinali ndi mwana wamwamuna mmodzi, Yotamu. Anali mphunzitsi wa sekondale pa boma pompano. Anzake akalandira malipiro ankagula malata, ena ng'ombe. Iye mabuku. Mabuku! Ena a mbiri yakale, ena a chuma cha mayiko, ena a kakhalidwe ka anthu. Ena onenepa ngati njerwa, ena akale onunkha nkhungu, ogula kwa ogulitsa pansi ku Mzuzu. Onse a Chizungu.

Ndinkamufunsa kuti, "Iwe Yotamu, mabuku a chuma adzaza nyumba, nanga khola lako lili kuti?"

Iye ankangoseka. "Adada, khola langa ndi limeneli."

Ine sindinkaseka.

Yotamu anadwala masabata awiri. Mbwenu, basi, anatisiya. Tinamuika kumudzi. Anasiya mkazi, NyaBanda, wa ku Kasungu, ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, Towera.

Mwambo wathu mukuudziwa. Ng'ombe za malowolo zikapita, ana ndi a kuchimuna. Ine ng'ombe ndinapereka zonse. Tsiku logawa katundu ndinalamula kuti Towera atsale kumudzi. NyaBanda anagwada chapatali, monga achitira mpongozi.

"Adada, mwana ali pasukulu. Mundisiyire. Patchuthi azibwera."

"Mwana ngwathu."

"Ngwanu, sindikukana. Koma ndikhala naye ine."

Ngakhale abale anga anaima mbali yake. Ndinagonja pamaso pa anthu. Kenako NyaBanda anati bedi titenge, njinga titenge, wailesi titenge. "Mundisiyire mabuku okha. Bambo ake anati ndi a Towera."

Pamenepo ndinaona pomubaya. Ndinati, "Mwana wakaniza. Mabuku ndatenga."

Abale, mabukuwo sindinkawafuna. Sindinkawafuna ayi. Ndinkafuna kuti amve kuwawa.

Anadzaza matumba anayi. Kunyumba ndinakhoma thabwa pabalaza, ndinawaimika pamzere. Alendo akabwera ndinkaloza: "A mwana wanga awo." NyaBanda sanapondenso pakhomo panga. Towera sanabwere patchuthi. Ine sindinatumize uthenga. Ndinkati bambo satumiza uthenga kwa mpongozi.

Zaka zinadutsa. Mayi a kunyumba anamwalira. Fodya anandithawa: msana unakana, feteleza anakwera. Ndinaika benchi pamsika wa Champhira. Mchere, usipa, soda. Munthu amene anali ndi shedi ya fodya, tsopano akuyeza mchere ndi kachitini. Majumbo okulungira ndi ogula. Tsiku lina anatha, m'thumba mulibe kanthu. Ndinayang'ana pa thabwa paja.

Ndinatsegula buku loyamba kuti nding'ambe. Patsamba loyamba panali dzina lolembedwa ndi dzanja la Yotamu: Towera. Ndinatsegula lachiwiri. Towera. Lachitatu, Towera. Onse! Dzanja langa linakana kung'amba dzina la mwana. Ndiye ndinatembenuza buku. Ndinayambira kumbuyo.

Ndinadziuza kuti kumbuyo kulibe ntchito. Masamba ochepa okha, kenako buku lina, kuti lisaoneke kuonda. Ndinkadula ndi mpeni, mwaukhondo, molunjika. Ndikafika kumapeto kwa thabwa, ndinkabwerera poyambira, monga tichitira pothyola fodya: apansi lero, otsatira sabata yamawa. Pa thabwa mabuku ankaoneka athunthu. Alendo ankayamikirabe. Zaka zinayi mchere wa ku Champhira unkalowa m'makomo utavala mabuku a mwana wanga.

Chaka chatha, nyengo ya mphepo, wakabaza anaima pakhomo. Panatsika mtsikana wamtali. Nkhope ya Yotamu yeniyeni. Anagwada.

"Agogo, ndine Towera."

Ndinangoti, "Wakula."

"Amayi sakudziwa kuti ndabwera. Ndasankhidwa kukoleji, ndikaphunzira mbiri yakale. Ndabwera kudzaona mabuku a adadi."

Ndinamulowetsa. Anaima patsogolo pa thabwa nthawi yaitali. Anatenga buku limodzi, anaona dzina lake, analiika pachifuwa. Kenako anayamba kutsegula masamba. Kutsegula, kutsegula, mpaka pomwe buku linadukira mawu ali pakati. Anatenga lina. Loduka. Lina. Loduka. Ine chiimire kumbuyo kwake.

"Agogo, ndi chiswe eti?"

Mwana anandipatsa khomo lothawira. Ndipo ine, mkulu wa mpingo, ndinatulukira pomwepo.

"Eya. Chiswe chavuta chomene kuno."

Anasisita ndi chala podukapo. Molunjika ngati padutsa telala. Chiswe sichiyenda ndi mpeni, abale. Pakona panali lichero la timapaketi ta mchere tokagulitsa mawa lake. Anaona timapaketito. Anabwezera buku pamalo pake, anagwada, anati, "Tsalani bwino, agogo." Sanadye. Sanatenge buku ngakhale limodzi.

Abale ndi alongo, ndinaika mwana m'manda. Ndinaika mkazi m'manda. Sindinalire pagulu. Koma tsiku limenelo ndinakhala pakhonde ngati chitsa mpaka nkhuku zinalowa zokha.

Lamulungu inali nthawi yanga yotsogolera pemphero. Ndinaimirira. Ndinati, "Tiyeni tipemphere." Anthu anatsinzina. Pakamwa panga panalibe kanthu. Ndinayesa. Mawu amodzi okha ndiwo ankabwera: chiswe, chiswe. Ndinakhala pansi. Amayi a mumpingo anathamanga ndi madzi, akuti a Shaba achita chizungulire. Sichinali chizungulire. Mulungu anatseka pakamwa pomwe panatuluka bodza. Ndipo ndinadziwa kuti sadzapatsegula ndikangokhala ku Champhira.

Lolemba ndinayenda m'makomo mwa ogula kufunsa mapepala. NyaMoyo, wogulitsa tomato pafupi ndi benchi yanga, anandiseka pagulu.

"A Shaba, mutu uli bwino? Tinakolezera moto kalekale! Ndikakutapireni phulusa?"

Ndinapeza masamba asanu ndi anayi, onunkha usipa. Kunyumba ndinamasula timapaketi ta m'lichero, mchere ndinakhuthulira m'beseni, mapepala ndinawongola ndi dzanja.

Lachitatu ndinalongeza mabuku. Anabwera matumba anayi, tsopano atatu sanadzaze. Ndinakwera matola mpaka pa boma pano. Ndinafunsa nyumba ya mpongozi wanga. NyaBanda anali pakhonde, pa makina ake osokera. Atandiona anafuna kugwada. Ndinati, "Khalani pomwepo." Ndinakhala pansi ndine. Mpongozi pampando, bambo pafumbi. Kwathu sizichitika zimenezo.

Ndinati, "Sichinali chiswe. Ndine. Ndinawatenga kuti mumve kuwawa. Ndinawadula, ndinakulungira mchere. Mwana ndinamunamiza. Ndapota, landirani otsalawa."

NyaBanda sanafulumire. Anamaliza msoko wake. Anadula ulusi ndi mano.

"Adada, zaka khumi ndi ziwiri. Chaka ndi chaka mwana ankandifunsa za mabukuwa, ine n'kumati agogo ako akusunga bwino. Mwandisandutsa wabodza nanenso."

"Ndamva."

"Ine ndilibe mawu. Mwini wake ali m'nyumbamo. Koma dzukani pafumbipo, anthu aziti ndakudyetsani mankhwala."

Sindinadzuke. Towera anatuluka. Anali atamva zonse. Anamasula thumba, anafufuza, anatenga buku lachikuto chobiriwira. Anakhala pansi pafupi nane. Anatsegula chakumapeto, anayamba kuwerenga uku akumasulira m'Chichewa. Ndinaona kuti akufuna ndimve ndi makutu anga chomwe ndinaononga. Ndinamvetsera. Inali nkhani ya amuna a kuno kumpoto opita kumigodi. Mmene ankawalembera. Mmene ankawavulira malaya n'kuwakweza pa sikelo. Anawerenga masamba awiri, buku linaduka.

"Otsalawo anapita ndi mchere," anatero. Sanamwetulire.

Ndinafunsa, "Lathera pati?"

"Afika kumgodi. Akuwapatsa manambala."

Kenako ndinati, "Nambala yanga ndikuikumbukirabe."

Anandiyang'ana.

Ndinamuuza. Chikepe chotsikira pansi, mmene mimba imakwerera kukhosi. Kutentha kwa pansi, thukuta kudzaza m'majombo. Mnzanga wa ku Euthini amene anabwerera ndi chifuwa cha fumbi. Bokosi lachitsulo lomwe ndinabwera nalo, ndi ng'ombe ziwiri zoyamba zomwe ndinagula nditafika. Ndinati, "Zidzukulu za ng'ombe zimenezo ndizo zinalowola amayi ako." Makina osokera anasiya kulira. Yotamu anandifunsapo nkhani imeneyi kangapo, ine n'kumamuyankha kuti akafunse mabuku ake.

Towera analowa m'nyumba. Ndinati basi, wandisiya. Anatuluka ndi kope ndi cholembera.

"Bwerezani, agogo. Pang'onopang'ono."

Abale, musaganize kuti zonse zakonzeka. Ayi. Mabuku a chuma cha mayiko sindingawamalize. Chuma chomwe ndikuchidziwa ine ndi nkhope ya wogula fodya akamakwinya mphuno pa belo lako. Ena akunena za mayiko omwe sindinapondeko. Amenewo adzakhala oduka mpaka kalekale, ndipo wodula ndine. Yotamu sabwerera. NyaBanda amandipatsa tiyi ndikafika, koma kuseka nane sanayambe. Sindimukakamiza.

Benchi ikadalipo. Mchere ndimakulunga m'makoko a chimanga. NyaMoyo amasekabe. Aseke.

Patchuthi Towera amabwera ku Champhira ndi buku limodzi ndi kope. Timakhala pakhonde. Amawerenga, ine ndimamvetsera. Akafika pomwe mpeni wanga unadutsa, amandiyang'ana. Ngati ndinaliko, ndimapitiriza: za msonkho, za njala, za mmene tinkagawirana minda, za malowolo omwewa. Nthawi zina amanditsutsa, akuti buku likunena zina. Timakangana. Ali ndi mutu wa bambo ake. Ngati sindinaliko, ndimati sindikudziwa. Chiswe sindichinamiziranso. Zomwe walemba amazisokerera kumbuyo kwa buku ndi ulusi wa amayi ake. Mabuku atatu anenepanso. Otsala ndi ambiri, ndipo ine ndakalamba. Tifika pomwe tifike.

Pemphero linabwerera. Nditachoka kwa NyaBanda, Lamulungu lotsatira ndinaimirira, mawu anatuluka. Ndikuthokoza Mulungu amene anatseka pakamwa panga, n'kupatsegulanso. Anachita bwino kutseka. Ndikuthokoza inu pondimvetsera.

Mawu amodzi okha. Ngati alipo muno amene akusunga katundu wa mwana wamasiye kuti mayi ake amve kuwawa, akabweze sabata ino. Akabweze akadali wathunthu. Ine ndinabweza woduka.

Ndatha. Wina andigwire dzanja ndidzuke. Yewo chomene.