TB Imene Inabisala mu Impso

Abusa, akuluampingo, abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ndaimirira kuti ndichitire umboni, ndipo nkhani yake ndi ija amuna timangofa nayo chamumtima. Koma ine lero ndinena.

Ambiri mumandidziwa, ndimayendetsa minibasi ya ku Zingwangwa. Chaka chatha ndili pa siteji ndinapita kukataya madzi. Abale, chimene chinatuluka ndi magazi. Magazi enieni. Kuchipatala chathu chaching'ono anati ndi likodzo, anandipatsa mankhwala. Ndinamwa, magazi osasiya. Nditabwerera anati mwina ndi matenda opatsirana pogonana.

Mawu amenewo anandiphwasulira banja. Mayi akunyumba, awo akhala apowo, anandifunsa, "Bambo a Tadala, mwayenda kuti?" Ndinati sindinayende kulikonse. Sanakhulupirire. Anatenga ana n'kupita kwa achemwali awo ku Manje. Ine kutsala ndekha, thupi likutha, msana ukuwawa. Ntchito ndinasiya, chifukwa sungamaimitse minibasi yodzaza anthu pakona iliyonse kuti ukakodze. Ndinkangoti, "Ambuye, Inu mukudziwa."

Kenako a kuchipatala chaching'ono chija ananditumiza kuchipatala chachikulu. Anajambula impso, analowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kuti aone m'chikhodzodzo. Abambo inu, musandifunse kuti kanalowera pati. Anandiuzanso kuti ndizibweretsa mkodzo woyamba wa m'mawa. Zotsatira zitatuluka, adokotala anati, "Bambo, muli ndi TB."

Ndinati, "Adokotala, ine sinditsokomola."

Iwo anati, "Yanuyi si ya m'mapapo, yabisala mu impso. Sizichitikachitika, koma mankhwala alipo, ndipo mwabwera impsoyo isanawonongeke."

Abale, munamuonapo munthu akusekerera atamuuza kuti ali ndi TB? Ine ndinaseka. Ndinaimbira mayi akunyumba foni pomwepo, n'kupempha adokotala kuti awauze okha. Kumbali inayo ndinamva akulira. Anangoti, "Ndikubwera." Anabweradi, ndipo miyezi yonseyi ndi iwo ankandiikira mapiritsi m'manja m'mawa uliwonse.

Sabata yathayi andiyezanso. Mkodzo uli mbee, impso zonse ziwiri zikugwira ntchito, ndipo mawa ndikukagwiranso chiwongolero. Mawa, abale!

Abambo anzanga, mukaona magazi musabise, ndipo mankhwala oyamba akakanika bwererani. Zikomo Yesu pondichiritsa, zikomo pondibwezera banja langa. Amayi akwaya, yambitsani nyimbo. Nonse imirirani mundithandize kuvina, chifukwa miyendo yanga iwiriyi yachepa.