Dzina Lobwereka Linatsala Pang'ono Kundilanditsa Mwana

"Tsika m'basi muno ndi mwana wakubayo! Ukufuna utimangitse tonse?"

Anandikalipira choncho ndi kondakitala, kamnyamata koti ndikhoza kukabereka, anthu odzaza basi akumva, mwana wanga akumvanso. Abale ndi alongo amene mukuwerenga, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndine Wyson Namakhwa wa ku Mbombwe, kuno ku Chiradzulu. Ndayamba dala ndi mawu onyansawa chifukwa umboni wanga si wonunkhira ayi. Ndi wa mmene ndinatsalira pang'ono kulandidwa mwana wanga Zione pa boda yotulukira ku Joni, chifukwa cha dzina lobwereka ndi pemiti yotha ntchito.

Za dzinali a msinkhu wanga akuzidziwa. Ndinalemba sitandade eyiti kawiri osasankhidwa kupita ku sekondale. Aphunzitsi ena anauza amalume anga kuti mutu ndili nawo, koma obwereza sawasankha, ndiye ndilembe pa dzina lina. M'kaundula munali dzina la Twaibu Amidu, mnzathu amene anasiyira sitandade seveni n'kupita kukagulitsa nsomba ndi bambo ake. Ndinalivala dzinalo ngati malaya obwereka, n'kusankhidwa. Satifiketi ya fomu folo inatuluka ya Twaibu, pasipoti nayo inatsata satifiketi. Koma kumudzi, kutchalitchi ndi pa ukwati ndinali Wyson yemweyo.

Ku Joni ndinakhalako zaka khumi ndi chimodzi, ndikuwotcherera zitsulo. Pemiti yokhalira m'dzikomo anandipezera ndi abwana a pakampani. Kampani itatsekedwa pemiti inatha, ndipo kwa zaka zitatu ndinkayenda ngati khoswe, kuona galimoto ya polisi n'kulowa m'sitolo ya zinthu zoti sindigula. Mkazi wanga Esnart, wa ku Ndunde, ananditsatira komweko, ndipo Zione anabadwira konko. Kuchipatala atamufunsa dzina la bambo wa mwana, Esnart anatchula dzina la mwamuna amene anakwatiwa naye, Wyson Namakhwa. Pasipoti ya mwanayo inatsata pomwepo. Kangapo konse anandiuza kuti tikonze mapepalawa. Ine yankho langa linali kukalipa. Pakamwa panga ndimapadziwa ndekha.

Esnart anadwala masabata awiri okha, n'kutisiya. Apa ndinene chinthu chimene chimandichititsa nseru mpaka lero. Mtembo wake unapita kumudzi m'kangolo kokokedwa ndi galimoto, ine osauperekeza. Ndinkaopa kuti ndikatuluka ndi pemiti yakutha sadzandilolanso kulowa. Mkazi amene anandipirira zaka zonsezo anaikidwa m'manda ine ndili pa makina owotcherera. Mawu ake omaliza anali oti Zione ndikamutule kwa agogo ake ku Ndunde. Patapita miyezi inayi ndinagula matikiti awiri. Cholinga changa, ndisaname, chinali kukamusiya mwanayo ngati katundu, n'kubwerera sabata yomweyo.

Tikuyandikira boda m'mawa, kondakitala uja anayamba kutolera mapasipoti a ife opitirira masiku, aliyense ataikamo kangachepe m'kati, akuti iye akudziwa mokonzera. Inenso ndinapereka, mopanda manyazi. Koma atatsegula ya Zione ndi pepala lake lobadwira anaima, n'kuwerenga maina mokweza. Mwana Namakhwa, bambo ake pa pepala lobadwira Wyson, wamkulu amene ali naye Twaibu Amidu. Anandikokera pakhomo la basi n'kundinong'oneza kuti uwu ndi mlandu wozembetsa ana, kangachepe sikagwira. Kenaka anati pali anyamata ake amene amawolotsa anthu kudzera kutchire ndi kumtsinje, ndiwapatse mwanayo, ndikamupeza tsidya linalo.

Mtsikana wa zaka eyiti. Kumupereka kwa anthu oti sindikuwadziwa ngakhale nkhope, alowe naye m'tchire.

Sindikukumbuka kuti dzanja langa linafika bwanji pakhosi pake. Ndinangoona anthu akundikoka, iye akutsokomola, ndiye pamene anakuwa mawu ndayamba nawo aja. Koma amene anandinyansa koposa si iye. Ndi anthu akwathu. Amayi amene anatsogolera pemphero basi ikunyamuka, amene anayambitsa nyimbo mpaka tonse kuwomba m'manja, ndi omwe anati, "Abambo, tsikani msanga, ena tili ndi katundu woti akafike." Palibe anafunsa mwanayo kuti kodi awa ndi ndani ako. Zikwama zathu anaziponya pa fumbi, mapasipoti pamwamba pake, basi n'kulowa pamzere.

Ndinamukhazika Zione pa chikwama, n'kuzungulira kuseri kwa zimbudzi za pamalopo kuti asaone nkhope yanga. Kunali kununkha mkodzo, ntchentche zili ng'waa, dzuwa likuswa mtengo. Pamenepo ndi pamene ndinapempherera, ndipo silinali pemphero lokongola. Ndinati, Ambuye, ine ndine wabodza kuyambira sitandade eyiti, ndinakana kuika mkazi wanga, lero ndatsala pang'ono kupha mwana wa eni. Ine mundichite chimene mufuna. Koma uyu sanabwereke dzina la munthu. Musalole kuti akagone m'nyumba ya ana osowa kwawo m'dziko la eni, pamene agogo ake akumudikira.

Nditabwerera ndinapeza Zione akudya banzi, pambali pake patakhala nkhalamba ya ndevu zoyera, yovala mkanjo ndi kachipewa ka Chisilamu. Ndinaizindikira, ndipo manyazi anandigwira. Dzulo lake basi itaima pomwetsera mafuta, akuluwa anachedwa kukwera chifukwa ankaswali, ndipo ine ndi amene ndinatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Kodi Mulungu wanuyo alibe wotchi?" Anthu anaseka.

"Basi ikupita, inu mwatsaliranji?" ndinawafunsa.

"Ndamva akutchula Twaibu Amidu. Ndati wakwathu sangatayidwe pamsewu."

"Ine sindine Msilamu."

"Zimenezo ndinazidziwa dzulo, pakamwa panu," anatero. "Koma mwanayu ndi mwana. Khalani pansi, achimwene."

Dzina lawo ndi Che Saidi, akwathu konkuno ku Chiradzulu. Ntchito yawo kwa zaka zambiri ndi yoperekeza mitembo ya anzathu omwalirira ku Joni, ndiye mapepala a pa boda amawadziwa ngati mizere ya m'manja mwawo. Katundu wawo anamusiya apite ndi basi. Ndinawafotokozera zonse, iwo akungogwedeza mutu. Kenaka anafunsa ngati mtembo wa mayi a mwanayu unapita kumudzi. Ndinati eya. Anasainira kuti utuluke ndi ndani? Ndinati ndine. Ndi pasipoti iti? Ndinati yomweyi.

"Mapepalawo ali kuti?"

Anali pansi pa chikwama, mu envulopu imene sindinaitsegulepo chichokereni kumochale, chifukwa sindinkafuna kuona dzina la Esnart pa pepala la imfa. Che Saidi anaitsegula okha, n'kuyala mapepala pa bondo. Anandilozera ndi chala. Womwalira, Esnart, ndi nambala ya pasipoti yake. Mwamuna wake amene wasainira, Twaibu Amidu, ndi nambala ya pasipoti yanga. Kenaka anaika pambali pake pepala lobadwira la Zione. Mayi wa mwana, Esnart yemweyo, nambala yomweyo.

"Mwaona? Akazi anu akukuchitirani umboni ali m'manda," anatero. "Tsopano mverani. Tilowera pakhomo la kutsogolo. Za pemiti yakuthayo mukaziulula nokha asanakufunseni. Kangachepe kaja chotsanimo. Ndipo pakamwapo mutseke, mukalankhule pokhapokha akakufunsani."

Tinayamba kupolisi ya pafupi, kukalumbira pa pepala kuti Wyson Namakhwa ndi Twaibu Amidu ndi munthu mmodzi. Ine, bambo wa imvi m'mutu, kuima pa kauntala n'kumafotokoza mmene ndinabera dzina la mnzanga ndili ndi kabudula wa sukulu. Wapolisi wolembayo anaseka mpaka kuitana mnzake kuti adzamve. Ndinafuna kumukalipira, koma Che Saidi anandiponda chala, mawuwo ndinameza.

Ku ofesi ya za olowa ndi otuluka, mayi wina wa yunifolomu anawerenga mapepala onse kawiri, nkhope ili gwa. Sindikuwada mayi amenewo, ankagwira ntchito yawo, ndipo ana amabedwadi. Anati akufuna kulankhula ndi mwanayo payekha. Anamugwira dzanja n'kulowa naye m'chipinda, chitseko n'kutsekedwa. Abale, pa moyo wanga wonse sindinaonepo chitseko choipa ngati chimenecho. Ndinkadziwa kuti Zione akachita mantha n'kusokoneza, kapena akangokhala chete, ndituluka pano ndekha kapena ndi unyolo. Kawiri konse ndinadzuka kuti ndikagogode. Kawiri konse nkhalamba ija inandigwira lamba n'kundibweza pa benchi ngati mbuzi.

Chitseko chitatseguka, Zione anathamanga n'kudzandikumbatira mwendo. Mayi aja anabwera pamene ndinali. Anati anamufunsa dzina la bambo ake, iye n'kuyankha kuti kunyumba ndi a Wyson, kuntchito ndi a Twaibu, ndipo amayi akakwiya ankawatchula onse awiri nthawi imodzi. Anamufunsanso ngati amandiopa. Akuti anati, amakalipa tsiku lililonse, koma chimwalirireni amayi ndi amene amandiluka tsitsi, ngakhale amaluka moipa.

Chidindo chinagwa pa pasipoti ya Zione. Ndinamva ngati anditula thumba la simenti.

Kenaka inafika nthawi yanga. Pa mlandu wa pemiti anandipatsa pepala loti sindiloledwa kulowanso m'dzikomo kwa zaka zisanu. Musaganize kuti ndinathokoza. Titangotuluka panja ndinayamba kutukwana: makina anga owotcherera, makasitomala anga, kachipinda kanga, zonse zatsala. Che Saidi anandisiya ndithe mpweya, kenaka anafunsa mofatsa kuti, "Kodi mumati mukamusiya mwanayu, mubwerere kukatani?" Zione anali akundiyang'ana, ndipo ndinazindikira kuti sindinamuuzepo kuti ndikukamusiya.

Tinapeza malo m'basi ina. Pa maboda ena onse a m'njira pepala lolumbira lija ndi envulopu ya Esnart zinatidutsitsa popanda kupereka kanthu kwa munthu. Ku Limbe Che Saidi anatsika kuti akasake katundu wawo, osadziwa ngati akamupeza. Ndinawapepesa za mawu a pawindo aja. Anangoseka n'kunena kuti wotchi Mulungu ali nayo, kungoti si yofanana ndi yanga. Anamusisita Zione pamutu, n'kulowa m'chigulu cha anthu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la kuseri kwa zimbudzi, n'kunditumizira munthu yemwe ndinamunyoza, pamene oimba nyimbo anzanga anandiponyera zikwama pa fumbi. Ndikumuthokozanso chifukwa cha pepala la zaka zisanu lija. Ine ndinapempha kuti boma lisandilande mwana, osaona kuti amene ankafuna kumusiya wamasiye kawiri ndine ndemwe. Inu amene muli kunja ndi mapepala osagwirizana, konzani lero, musadikire boda. Mwana wanu musamupereke kwa munthu wa kutchire, zivute zitani. Ndipo ngati mwadzinyansa nokha mmene ndinadzinyansira ine, pempheranibe choncho, muli onunkha momwemo. Musataye mtima.

Tinafika ku Mbombwe madzulo, tinagona kwa mlongo wanga. M'mawa mwake ndinaitana akabaza awiri, ine ndi Zione ulendo wa ku Ndunde. Tinayambira kumanda, alamu anga, mchimwene wa Esnart, akutitsogolera. Ndinagwada pa mtumbira umene ndinayenera kuuona miyezi inayi yapitayo, n'kupepesa mokweza, osasamala kuti akumva ndani. Kunyumba apongozi anakhala poteropo pa mkeka, atayang'ana kumbali monga mwa ulemu wathu, Zione ali pamiyendo pawo. Alamu ndi amene anandifunsira.

"Mwana mwatula, tathokoza. Nanga mubwerera liti ku Joni kwanuko?"

Ndinati sindibwerera. Ndinati ndikudziwa kuti mkamwini mkazi akamwalira amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, koma ine ndikupempha kamalo kuseri kwa khola, pamene mwanayu angamandione akadzuka. Apongozi, osatembenuka, anauza alamu kuti andionetse pamene pali dothi labwino. Ndinavula malaya a paulendo, n'kubwereka khasu ndi chikombole, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditayala mzere woyamba wa njerwa.