Ndodo ya Kamera Imene Anandisiyira a Zuze

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse amene mukuwerenga. Ine ndine wojambula zithunzi pa maukwati muno mu Blantyre, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene sitiroko inandilanda mkono wamanzere.

Osadziwa amati kujambula ndi chala chodinira basi. Ayi ndithu. Galasi lalitali lojambulira patali, lija timati lenzi, limalemera ngati njerwa, ndipo umalinyamula ndi mkono wamanzere kuyambira ku tchalitchi mpaka ku holo. Nditachira n'kuyambanso kuyenda, mkonowo unatsalira. Ndikakweza kamera unkanjenjemera, zithunzi n'kumatuluka za mbuu.

Ndinakakamirabe, pajatu ndine wa liuma. Ukwati wina ku Nyambadwe ndinajambula tsiku lonse, koma nditatsegula zithunzi pa kompyuta, ngakhale nkhope ya mkwatibwi sinkadziwika. Mayi ake sanandilalatire. Anangoti, "Bambo, tsiku limeneli silidzabweranso kwa mwana wanga." Bola akanandimenya mbama. Mbiri inawanda, foni inasiya kulira, mkazi wanga n'kuyamba kugulitsa kaunjika ku Limbe kuti ana adye. Ndinkalira, abale, ndinkalira ngati mwana. Pemphero langa linali limodzi lokha, loti Ambuye andibwezere mkono, koma mkonowo sunabwerere.

Msuweni wanga atandimvera chisoni n'kundipatsa ukwati wa mwana wake, ndinabwereka thiraipodi, choimikirapo kamera cha miyendo itatu. Ku tchalitchi chinandithandiza. Koma inu mukumudziwa perekaniperekani wa kwathu kuno: akangoitana akuchikazi, holo yonse imadzuka n'kumavina mothithikana. Mayi wina akuvina chobwerera m'mbuyo anakola mwendo umodzi wa thiraipodiyo, kamera n'kupendama, ine n'kuiwakha ndi chifuwa. Tsiku limenelo ndinati basi, ndigulitse zonse.

Amene ndinawaganizira kuti angagule anali a Zuze a ku Manja, mkulu wojambula amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Kwa zaka zambiri tinkalimbirana makasitomala pa zipata za maholo, moti moni weniweni sitinkapatsana. Ndinapita ndi manyazi. Ndinawapeza ataonda, matenda a shuga atawawononga maso. Anaisisita kamerayo, n'kundibwezera.

"Achimwene, kamerayi ilibe tchimo. Inuyo mukusowa ndodo basi."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa monopodi, ndodo ya mwendo umodzi yoti umayenda nayo pakati pa anthu osapunthwitsa aliyense. Ine ndi phuma ndinaimanga kunsi kwa kamera, lenzi n'kuweramira pansi. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Katundu timamuchirikiza polemera, inu! Mangani pa mkombero wa lenziwo. Tsono tangadzani. Miyendo yanu iwiri kuphatikiza uwu, yakwana itatu."

Poyesera ndinajambula iwo omwe atakhala pa khonde. Chithunzicho chinatuluka chooneka bwino, imvi iliyonse payokha. Ndinakhala pa dothi pomwepo misozi ili chuchuchu. Ndalama anakana, anati maso awo anatha, ndodoyo isamangodyedwa ndi dzimbiri kuseri kwa chitseko.

Ndinabwerera pa ntchito, ndipo pang'onopang'ono anthu anayambanso kundiitana. Koma mvula ya chaka chimenecho isanagwe, a Zuze anatisiya. Pa maliro, mayi a kunyumba kwawo anafunafuna chithunzi choti chitsogolere bokosi. Munthu anajambula Blantyre yense, koma m'makatoni mwake munali nkhope za eni zokhazokha. Chimene ananyamula patsogolo ndi changa chija cha pa khonde, ndipo mwambo wonse ndinajambula nditatsamira ndodo yawo. Mtima umandipwetekabe ndikaganiza zaka zonse zimene tinataya tikuyang'anizana ndi diso lofiira.

Mkono wanga mpaka lero ndi wofooka, sindingakunamizeni. Koma ana anga akudya ndi kamera yomweyo imene ndinapita kukagulitsa, ndipo pa chimenechi ndikuthokoza Mulungu ndi mtima wonse. Inu amene mwapemphera mpaka mawondo kuchita zikang'a koma yankho osaoneka, musaleke. Musanyozenso khomo limene mukuchita manyazi kugogoda. Ine ndinapempha mkono, Iye ananditumiza kwa munthu amene sindinkamupatsa moni.