Ndinafika Mochedwa pa Maliro Anga

Abale ndi alongo, ine ndinali wonyada. Osati kunyada kwamasewera ayi. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, moni ndinkachita kusankha woyankha. Ambiri a inu munandidziwira pa kanema, m'masewero aja a Lamlungu, ndiye mukandiona ndamanga duku chonchi mumagwirana zigongono. Dzina langa ndine Rozalina. Pa kanema ndinkatchedwa Rozi, ndipo munthu akandiitana dzina lonse ndinkakhala ngati sindinamve.

M'dziko muno ndinalowa ndili kamwana, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Tinatulukira pa Chiponde wapansi, ine ndi mayi anga. Bambo anatsogola kukaona ngati njira ili bwino, ndipo sanabwerenso. Mayi analira maliro awo opanda mtembo, mu msasa wa othawa nkhondo, mpingo n'kuwayimbira.

Kusewera ndinayambira mu msasa momwemo. Kukagwa kolera, azaumoyo ankatisonkhanitsa ana kuti tichite sewero lophunzitsa anthu kusamba m'manja. Ine ndinali wowonda ngati bango, ndiye mbali yanga inali imodzimodzi: mwana womwalira. Ndinkafa bwino, abale! Kutembenuza maso, kugwedeza mwendo kamodzi, kenako zii. Azimayi ankalira misozi yeniyeni.

Koma masewero athu anali ndi lamulo. Pomaliza wakufayo ankadzuka, kudzisasa fumbi, tonse n'kuvina, kuti anthu abwerere m'misasa mwawo mitima ili m'malo. Anthu aja anali ataona imfa zokwanira. Mayi ankakhala kutsogolo nthawi zonse, ndipo ine ndikadzuka iwo ndiwo ankayamba nthungululu.

Nkhondo itatha anzathu ambiri anabwerera kwawo. Mayi anatsala, poti anali atapeza kamunda ndipo ankagulitsa tomato pa boda. Ine nditakula ndinapita ku Blantyre ndi gulu lina la zisudzo. Wailesi ya kanema itangoyamba kumene m'dziko muno gulu lathu linapeza mwayi, nkhope yanga n'kulowa m'nyumba za anthu.

Apo ndiye mutu unakula. Mu minibasi anthu kundiloza, mu msika ana kunditsatira. Ndinayamba mowa, poyamba botolo limodzi lochotsera kutopa, kenako kutopako kunayamba kubwera tsiku lililonse. Choipa kwambiri, ndinayamba kuchita manyazi ndi kwathu. Mawu oti "wothawa nkhondo" ankandiwawa. Wondifunsa ndinkamuuza kuti kwathu ndi ku Nkopola, bambo anga ndi manijala wa hotela. Ku Nkopola kumene ndinali ndisanapondeko n'komwe! Zaka zinadutsa osapita ku Chiponde, osatumiza ngakhale moni. Tchalitchi ndinkangochionera pa windo la minibasi.

Ndiye linabwera sewero lina loti ine ndidwale masabata angapo, kenako ndife. Ndinati izi ndiye zanga, ndinaziyamba kalekale. Anandipaka ufa kumaso, anandigoneka m'bokosi lenileni, anajambula mpaka kumanda dothi likugwera pa bokosi. Sewero linaonetsedwa Lamlungu, anzanga anandiyamikira, ndipo tinamwa.

Pasanathe masiku ndinalowa mu msika wa Limbe kukagula ndiwo. Mayi wina wogulitsa usipa anandiyang'ana, anakuwa kuti "Mayo ine!" n'kugubuduza dengu lonse. Anali Abiti Saidi, oyandikana nyumba ndi mayi anga ku Chiponde. Anabisala kumbuyo kwa anzawo akupemphera m'Chiarabu. Ndinachita kuwagwira dzanja kuti amve kuti ndikutentha.

"Rozalina, uli moyo iwe? Kwanu kuli maliro ako! Ine mpunga wachipepeso ndasiya kale."

Ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo sanaseke, anandikhazika pa dengu n'kundifotokozera. Pa boda panali golosale ina yokhala ndi kanema woyendera batire ya galimoto. Mayi anga ankapita kumeneko Lamlungu lililonse, kukhala pa benchi kudikira nkhope yanga. Ndi mmene ankaonera mwana wawo. Tsiku limenelo atandiona ndikufa sanatekeseke. Anauza anthu kuti, "Musade nkhawa, adzuka ameneyu, ndi ntchito yake." Bokosi linalowa m'dzenje, iwo akudikira. Sewero linatha, panabwera nkhani, ine osadzuka.

Anyamata ena anayesa kuwauza kuti ndi sewero chabe. Mayi anawayankha kuti masewero akuwadziwa kuposa iwo, wakufa amadzuka n'kuvina. Kenako anati tsopano amvetsa chifukwa chake sindinkabwera kumudzi. Akuti mwana wawo ankadwala, ndiye sanafune kuwadandaulitsa.

Kuseka kunandithera pomwepo.

M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Mangochi, kenako matola okwera mapiri a ku Namwera. Ndinali nditavala wigi, magalasi akuda ndi nsapato zagogoda. Kunyada n'kouma khosi, abale. Mumtima ndinkati ndikafike ngati bwana, anthu aseke, ine ndibwerere. Koma nditaona masamba ataikidwa pa msewu pafupi ndi nyumba yathu, ndinachotsa magalasi aja. Ndinavula wigi ija, ndinafunda chitenje chimene Abiti Saidi anandibwereka, ndinaphimba nkhope n'kukhala kumbuyo kwa azimayi.

Malume anga, a Zuze, anaimirira kuti anene mbiri ya malemu. Anati malemu anabadwira kutsidya, anathawa nkhondo ndi mayi ake, ankasewera mu msasa, anapita kutauni. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi. "Zina sitikuzidziwa," anatero, n'kukhala pansi. Mbiri yonse ya ine wotchuka inatha munthu asanameze malovu.

Kenako anaimirira a Mbewe, mkulu wa mpingo wa mayi anga, munthu wofatsa kwambiri. Anapepesa kuti mpingo sungayimbe, poti panalibe wodziwa ngati malemu ankapemphera kulikonse. Mayi anatuluka m'nyumba n'kugwada pa dothi pamaso pawo.

"A Mbewe, bambo ake munawayimbira opanda mtembo. Uyunso mtembo wake ndilibe. Ngakhale nyimbo imodzi yokha."

"Mayi, lamulo si langa," anayankha a Mbewe, nkhope ili pansi.

Ndiye mayi anayamba okha nyimbo, mawu atasasa, akadali chigwadire. Panalibe woilandira.

Abale, ine ndafa kambirimbiri pamaso pa anthu, koma tsiku limenelo ndi pamene ndinaona kuti ndinali wakufa ndithu. Mayi amene ndinkawakana kutauni, iwo ankandipemphera nyimbo atagwada. Ndinalira m'chitenje muja ngati mwana. Ndinati, Yesu, ngati mumadzutsadi akufa, yambani ndi ine. Ndinaimirira, ndinataya chitenje, ndinailandira nyimbo ija.

Chipwirikiti chake! Azimayi kuthawira m'chimanga, ophika kusiya miphika pa moto. A Zuze, munthu wa nyamakazi, analumpha benchi osaikhudza. A Mbewe anathawa ndi Baibulo lawo, nsapato imodzi n'kutsala. Mayi okha sanasunthe. Anadzuka pang'onopang'ono, anandiyandikira, ananditsina khutu mpaka ndinakuwa.

"Wachedwa kudzuka, chitsiru iwe," anatero. Kenako anandikumbatira, tonse tinagwa pansi tikulira.

Anthu atayamba kubwerera mmodzimmodzi, ndinagwada n'kuwauza mayi zoona zokhazokha. Ndinati sindinadwale ayi, ndinkachita nawo manyazi. Ndinanena za mowa, ndinanenanso za bodza la ku Nkopola. Ndinkayembekeza kuti andikalipira pamaso pa mudzi wonse, ndipo akanachita bwino. Koma mayi anangofunsa kuti:

"Manijala wa hotela? Bambo ako aja osadziwa ngakhale kuphika tiyi?"

Anaseka mpaka misozi, ndipo kukhululuka kwawo kunali komweko. Mbuzi inali itaphedwa kale, ndiye chakudya cha maliro chinasanduka cha phwando. Ine malemu ndinadya kuposa aliyense, poti chichokereni ku Limbe ndinali ndisanalawe kanthu.

A Mbewe atabwera kudzatenga nsapato yawo, ndinawagwira mwendo kuti asachoke asanandipempherere. Anapemphera akunjenjemera, koma pemphero linafika. Pabwalo pomwepo ndinapereka moyo wanga kwa Yesu.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha tsiku lomwelo. Mowa unalimbana nane, ndinagwa kangapo, koma Ambuye sanandisiye. Ndinalowa kalasi ya ubatizo. Ku Blantyre ndinawauza anzanga kuti ine ndine Rozalina wa ku Chiponde, wothawa nkhondo, mayi anga amagulitsa tomato pa boda. Chinthu chimene ndinachiopa zaka zonse zija, anthu anangoseka pang'ono basi n'kuiwala. Wina mpaka anandituma tomato.

Masewero sindinasiye, ndi mphatso imene Mulungu anandipatsa. Kungoti masiku ano akandipatsa mbali yoti ndife, ndimayamba ndapita ku Chiponde kukawadziwitsa mayi.

Ubatizo wanga ndinapempha kuti uchitikire kumudzi konko. Titatuluka m'tchalitchi a Mbewe anandigwira dzanja, nkhope ili mwee. Anati, "Tsopano ukadzamwalira tidzayimba mpaka mawu kutha."

"Asafulumire, a Mbewe," anatero mayi. "Ayambe wandiyimbira ine."

Ambuye alemekezeke, abale! Alemekezeke Yesu amene sanachite nane manyazi pamene ine ndinkachita manyazi ndi wondibala. Ine anandipatsa mwayi umene anthu sapatsidwa, womva mbiri yanga ndili moyo n'kupeza nthawi yoikonza. Inu pa maliro anu simudzakhala kumbuyo mutafunda chitenje ayi. Ngati kumudzi kuli mayi amene akukudikirani, kwerani basi sabata ino. Ndipo ngati mukumva Yesu akukuitanani, musachedwe monga ndinachedwera ine. Dzukani pomwe mwakhalapo, bwerani kutsogolo kuno, tikuyimbireni mukumva. Amen.