Jasi la a Twaibu

Malemu anabadwa pa 4 Malichi 1937 m'mudzi muno, m'dera la Mfumu Kuntumanji, ndipo anabatizidwa dzina lakuti Gerishomo. Anaphunzira mpaka Sitandade 3, kenaka anatsata bambo awo kunyanja. Mu 1960 anakwatira mayi Elenala.

Mu Juni 1962 ananyamuka okha ulendo wa ku Joni, paselufu, osadzera ku Wenela. Popeza kuno ku Chilwa chimene timaopa ndi udzudzu, ananyamula nsalu yopyapyala yofunda, mpunga ndi matemba, koma chovala cha mphepo analibe. Anatsika sitima m'mawa, udzu utayera ndi chisanu. Zala zinauma moti analephera kumasula mtolo wawo, ndipo anthu ankangowadutsa.

Bambo wina amene ankasesa pasiteshoni anamva fungo la matemba, naima, nawapatsa moni m'Chiyao. Anali a Twaibu a ku chilumba cha Chisi. Iwowa anavula jasi lawo nawaveka malemu, nawalozera kumene kunkakhala anthu akwathu. Malemu atapeza ntchito yosamalira maluwa anapita kukabweza jasilo, koma a Twaibu anali atachokapo.

Anabwerera kumudzi mu 1967, ndipo pambuyo pake analandira munda wa mpunga ku Likangala. Jasi lija sanalivalenso. Ankangoliyanika padzuwa chaka ndi chaka, amvekere n'la eni. Msodzi aliyense wochokera ku Chisi ankamufunsa za a Twaibu.

Mu 1995, nyanja itaphwa, anayenda pansi kukafika ku Chisi. Kumeneko anamva kuti a Twaibu anamwalirira ku Joni, ndipo kwawo sikunafike ngakhale mpango. Mwana wawo, mayi Mwanabibi, amene anamusiya ali kumsana, anakwatiwa kutsidya ku Mozambiki. Malemu anatumiza uthenga kwa mayiwo wonena za jasilo.

Mu Januwale chaka chino cha 1997 anadwala chifuwa. Anagonekedwa m'chipatala ku Zomba, ndipo atatuluka ankangofunsa ngati kudooko kwafika mlendo. Anatisiya pa 9 Epulo.

Mayi Mwanabibi afika m'mawa uno pabwato, ndipo akhala pambali pa mayi amasiye. Jasi mukuliona pabokosili sililowa m'manda. Alinyamula ndi iwowa, pakuti ndicho chinthu chokhacho cha bambo awo chimene chinabwerera kumudzi.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, Edwadi, Jessie, Fatsani ndi Tiyamike, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza mafumu, mpingo, adzukulu okumba manda, ndi abale athu achisilamu amene apalasa bwato kuwabweretsa mayiwa.

Zimene anabwereka zabwezedwa. Mzimu wawo uuse mumtendere.