Belu la Tchalitchi Lili Pansi pa Galimoto Yanga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukupezeni kumene muli. Ine ndine Amake Chisomo wa ku Chawama, mkazi wamasiye amene anthu ankati sindidzatha dzinja limodzi ndili ndi galimoto ya amuna anga. Dzinjalo ndalitha, ndipo ndikufuna mumve mmene zinayendera.

Amuna anga anandisiyira ana atatu ndi kagalimoto kakale kamene ankanyamulira amayi ogulitsa tomato ndi kapenta kuchokera kumsika wa m'tauni. Ndinaphunzira kuyendetsa, ntchitoyo n'kuipitiriza. Alamu anga a Zulu, akulu awo a malemu, zimenezi sizinawakomere. Ankati galimoto ndi ya banja, ndipo tsiku limene idzandikanike adzabwera kudzaisunga. Kusunga kwa alamu tonse timakudziwa.

Lolemba lina m'mawa msewu wa ku komboni ya Kuku unali dziwe lokhalokha. Pali dzenje lina pamenepo limene anthu amazikapo nthambi kuti tizilizemba, koma madzi anali atakokolola nthambiyo. Ine ndinangolondola minibasi, kuiwala kuti mnzangayo ndi wamtali miyendo. Ndinangomva kuti gu! Tayala linaphulika, ndipo limu, chitsulo chimene tayala limavalapo, inang'ambika mpaka pa mabowo a mabawuti. Ndinathamangira kumbuyo kukatenga tayala la sipeya. Ndivomere kupusa kwanga: miyezi yonseyi sindinatukulepo kapeti ya kumbuyoko. Nditaitukula ndinapeza jeki ndi sipanala basi. Ndinawakalipira malemu pomwepo, madzi ali m'mawondo.

Anthu anandithandiza kukankha mpaka kunyumba, tinaikhazika pa njerwa. Mukomboni galimoto ikakwera njerwa anthu amaiwerengera kuti yafa, ndipo mbiri siyenda pansi. Lachiwiri uthenga unafika kuti alamu akubwera Loweruka ndi chingwe chokokera.

Tayala la salaula, logwirapo kale ntchito, silinavute kupeza. Inavuta ndi limu. Wowotcherera zitsulo anakana kuigwira, anati yong'ambika pamabowo ikhoza kuphetsa anthu. Anandidulira katoni, n'kubowola mabowo anayi molingana ndi a galimoto yanga kuti ndiziyezera. Ndi katoniyo ndinazungulira makomboni a Matero ndi Kanyama masiku atatu, kugwada pa milu ya zitsulo zakale, koma palibe inagwirizana. Ogulitsa ena ankandiseka kuti galimoto za mtundu umenewo zinatha kalekale, bola ndiwagulitse aiphwasule.

Lachinayi ndinabwera mapazi atatupa, mtima uli wowawa. Sindinapemphere mwaulemu ayi. Ndinati, Ambuye, amuna anga munatenga, sindinakuzengeni mlandu. Koma mbale ya ana anga sindipereka, ndipo ngati Inu muli kumbali ya amasiye, Loweruka ndi limenelo likubweralo.

Lachisanu ndinapita ku mapemphero a amayi, osati chifukwa cha chikhulupiriro chachikulu, koma kuti anthu asati ndabisala. Ndinafika msanga n'kupeza a Daka, mkulu wa mpingo, akuimba belu pansi pa mtengo wa mango. Belu lathu ndi limu ya galimoto yomangidwa ndi waya, ndipo ndakhala ndikulimva zaka ziwiri osaliyang'ana n'komwe. Koma maso amene awerenga mabowo masiku atatu sasiya msanga. Ndinatulutsa katoni m'chikwama, n'kuisanjika pa belu lija. Mabowo onse anayi anagwirizana.

A Daka ataona zimenezo anati, "Amake Chisomo, simuziba? Iyi limu ni ya bamuna banu. Banachosa ku sipeya yao pamene tinalibe belu, bati Mulungu azaniyang'anira mawilo."

Ndinakhala pansi pafumbi n'kulira, manyazi ndi chimwemwe pamodzi. Munthu amene ndinamukalipira m'madzi uja anali atandisungira limu pamalo amene mbala kapena mlamu sakanaiganizira. A Daka sanadikire msonkhano wa akulu. Anamasula waya, nati ndibweretse yong'ambikayo kuti ikhale belu. Wowotcherera uja anawongola m'mphepete mwa limu ya belu ija mmene munaphwanyika ndi kumenyedwa, tayala linalowa, ndipo mabawuti ndinamanga ndekha, kuponda sipanala ndi phazi langa.

Loweruka alamu anafika ndi chingwe chawo paphewa. Anapeza njerwa zili pambali, injini ikulira, ine ndili pa chiwongolero. Ndinawapatsa moni mwaulemu wonse, kenako ndinati, "Ba mulamu, motoka ili che bwino. Kwelani nikupelekeni ku siteshoni, ntambo muike kumbuyo." Anakwera. Pa dzenje lija ndinadutsa pang'onopang'ono kuti alione bwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero la mkazi wokwiya. Inu amene zanu zakwera njerwa lero, ndipo ena ayamba kale kugawana ndi maso, musawapatse makiyi. Yendani, funsani, pempherani ngakhale mawu atuluke okalipa.

Belu lathu tsopano limalira mosasa ngati poto wosweka, ndipo ena mumpingo akudandaula kuti likuchititsa manyazi. Ine ndawapempha a Daka kuti asalisinthe. Likamalira Lamlungu m'mawa, Chawama yonse izimva kuti galimoto ya wamasiye uja ikadali pamsewu.